Chibatani cha a Biliyati

Pemphero, tatsitsako kawailesi kakoko. Ayi, sindinati uzimitse, ndati utsitse. Mwaona ana inu? Tili m'chigafa chimodzi, tikusoka fodya mmodzi, koma mawu anga akufika kwa mnzanuyu ngati akuchokera kutsidya kwa Bua. Inu mumati chinthu chikamanjenjemeretsa malata ndiye kuti chikuimba. Mbuzi nayo ikamadzikanda pachitseko, chitseko chimanjenjemera, koma sindinaonepo munthu akuivinira.

Lamulungu lapitali ndinakhala kumbuyo m'tchalitchi, anyamata a kwaya atakweza bezi mpaka mawu a nyimbo osamveka. Mayi wina wachikulire anandikodola n'kundifunsa ngati kunja kukugunda mvula, poti anasiya ufa pamphasa. Ndinamuuza kuti akhazike mtima pansi, ndi adzukulu athu akutamanda Mulungu.

Matenda amenewa ndikuwadziwa, ndipo sanachokere kwa ine. Ndi akuchikazi. Anayamba ndi malemu a Biliyati, achimwene awo a agogo anu aakaziwa. Anambewe, musandiyang'ane choncho, sankhani fodya wanuyo. Mukaona kuti ndanama mundidule.

Ine kwathu ndi ku Chisepo, ndipo ndisanagwirepo gitala ya magetsi ndinkaimba babatoni. Simuidziwa, munabadwa mochedwa. Inali ng'oma yaikulu ya chikopa cha ng'ombe, yobayidwa ndi mtengo wautali, nsambo yake imodzi yokha, waya wosolola m'tayala la galimoto. Unkaikhalira pamwamba ngati bulu, dzanja ili kamtengo komenyera, dzanja ili botolo lotsetsereka pansambo. Inalibe batani ngakhale limodzi. Mawu ake ankakonzedwa ndi dzuwa. Kukacha ndi mame chikopa chinkalefuka, babatoni n'kumalira ngati nkhalamba ya chimfine, ndiye unkaiyanika pabwalo mpaka ikungike. Ukaiiwala padzuwapo inkauma n'kumalira ngati chitini. Munthu unkaphunzira msanga kuti mawu abwino amakhala pakati, ndipo amafuna kuwadikira.

Babatoni yomweyo ndi imene inandipezera agogo anuwa, paukwati wina pamene anavina mpaka mpango kugwa. Ndinakwatira, n'kubwera kuno kumapiri a Ntchisi kudzakhala chikamwini. Masiku ano mumangotengana ku Lilongwe n'kuchita lendi kachipinda, abale n'kumva pafoni. Ife unkasiya kwanu n'kukakhala kwa mkazi, pansi pa malume ake ndi alongo ake, ana obadwawo ali a mudziwo, iwe uli ngati tambala wobwereka. Anandipatsa munda pamtsetse penipeni, woti dzungu likathothoka umakalitola kudambo. Ndinalima, osadandaula.

A Biliyati nthawi imeneyo anali ku Joni, kumigodi. Anabwera m'chilimwe china, mitengo ya m'phiri itayamba kuphuka masamba ofiira aja. Lole inawatsitsa kumsewu, ngolo n'kukawatenga. Anafika atavala chijasi chofika mu akakolo, dzuwa likuswa mtengo. M'ngolomo munali masutikesi, matumba a shuga, zitenje za mbumba yonse, ndi zinthu ziwiri zokutidwa m'mabulangete. Choyamba chinali gitala ya bezi yofiira, ya nsambo zinayi zonenepa ngati michira ya mbewa. Chachiwiri chinali chibokosi chakuda chofika m'chiuno, cholemera ngati thole, kumaso kwake kuli nsalu yolimba, pamwamba pake timabatani tinayi. Apongozi anga anafunsa kuti chitseko chake chili kuti, poganiza kuti ndi kabati. Imeneyo ndiyo inali ampulifaya. Ife tinkangoti ampu.

Anazigula ali ndi maloto oti adzaimba okha. Koma chakumapeto kwa ntchito yawo mwala unawadula zala ziwiri za kumanzere, ndipo makina oboolera miyala anali atawadya makutu. Zala zinkaoneka, anthu anapepesa. Za makutu palibe anatchula. Ukawapatsa moni ankayankha za mvula, ukawafunsa za mvula ankati ana ali bwino. Koma munthu wobwera ndi shuga sakhala gonthi. Mudzi wonse unagwirizana kuti a Biliyati amaganiza kwambiri.

Magetsi kunalibe, choncho mmisiri wa mawailesi wa pa Mponela, a Chikopa, anaikonza ampuyo kuti izidya batire ya galimoto. Batireyo inkafuna kutchajidwa ku Mponela komweko, ndipo mukudziwa kale amene ankaikweza panjinga. Kupita kunali kutsetsereka, mabuleki akununkha. Kubwerera kunali kukankha, madzi a batire akudontha n'kumandiboolera buluku. Mabuluku anga onse a zaka zimenezo anali ndi mawindo kumbuyo. Inu mukatchaja foni pa sola, mutakhala pamthunzi, mumadandaula kuti ikuchedwa.

Tsiku loyamba anandiitanitsa pakhonde pawo.

"Alamu, ndamva kuti mumakwapula chingwe chimodzi kwanuko. Apa pali zinayi. Zikakukanikani zitatuzo muzingoziyang'ana."

"Ndiyesa, alamu."

"Mwati?"

"Ndati ndiyesa!"

"Musakuwe, sindine mwana. Tsono mvetsani. Bezi muzigwira inu. Ampu ndi yanga. Dzanja lanu lizithera pamene pathera chingwechi."

Tinapeza Zakeyu woimba ng'oma ndi Lufeyo wa banjo, amenenso ankaimba pakamwa, gulu n'kutchedwa Biliyati Jazi Bandi, dzina la munthu yekhayo amene sankaimba kanthu. Ampu inkagona kuchipinda, pambali pa bedi. Akazi awo ankaisesa ndi nthenga za nkhuku m'mawa uliwonse. Mvula ikatipeza panjira, ambulera inali ya ampu, ife tinali ndi khungu lathu.

Tsono timabatani tija ndikuuzeni, mwina mukawathandize anzanu a kwaya. Koyamba ndi voliyumu, kukula kwa mawu basi. Kachiwiri ndi bezi, ndiyo mimba ya mawu, kulemera kuja kumene umakumva m'chiwindi. Kachitatu ndi midi, chifuwa chake, kamene kamachititsa kuti udziwe ngati woimba wakwera kapena watsika. Kotsiriza ndi tirebo, mano ake, kaphokoso kakuthwa ka chala pansambo. Kalikonse kanali ndi manambala mpaka teni. A Biliyati ankafika, kupinda manja a chijasi, n'kupotokola tonse tinayi mpaka tigunde kumapeto.

"Alamu, bwanji bezi tikanaibwezako pang'ono?"

"Ndinagula manambala onse, mpaka teni. Enawo ndiwasiyire ndani?"

Mawu amene ankatuluka mmenemo, ana inu, anali a ng'ombe yogwera m'chitsime. Ndikagunda nsambo yoyamba, buuu. Ndikagunda yachinayi, buuu yemweyo. Ndikanatha kuimba nyimbo ya maliro paukwati popanda wozindikira. Lufeyo ankangooneka kukamwa kukutseguka ngati mlamba wa pamtunda. Zakeyu ankayang'ana zala zanga kuti adziwe pamene tafika. Ovina ankayamba bwino, kenako n'kumapondana, n'kukhala pansi kumaonerera nkhuku zikuthawa. Ndipo poti ampu yokwezedwa imadya ngati mlendo, batire inkatha akwati asanatuluke n'komwe m'nyumba. Eni ake ankakhala pambali pa chuma chawo atapinda miyendo, akumva kunjenjemera kwa nthaka kumapazi, nkhope ili ngwee. Chaka chisanathe anthu anali atatipatsa dzina lina, Chigayo Jazi Bandi, ndipo otiitana anayamba kuchepa.

Ndinayesa njira zina zosakhudza mabatani. Ndinamva kuti nsambo zikadzaza thukuta ndi fumbi zimafa mawu, ndipo kuziwiritsa m'madzi kumazidzutsa. Ndinaziwiritsa mumphika wa ndiwo wa agogo anuwa. Nsambo zinadzukadi, koma nyemba za sabata imeneyo zinkakoma njinga, ndipo buuu anali pomwepo. Ndinapitanso kukalankhula ndi alamu, mwaulemu, chipewa chili m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi, nati, "Mkamwini asamakule mwendo." Pamenepo ndiye sanafunse kuti mwati.

Madalitso, ukusoka mothithikana, fodya ameneyo aola. Makutu kuno, maso pantchito.

Mvula itagwa maukwati analeka, ampu inakhala pakona itafundidwa bulangete labwino kuposa langa. Tili mkati mopalira, a Biliyati ndi akazi awo anapita kumaliro kutali, cha ku Dowa, kiyi n'kusiyira mlongo wawoyu kuti azidyetsa nkhunda. Tsiku limenelo chimanga chinadikira. Ndinaitulutsa ampu pabwalo, agogo anuwa n'kukaima pafupi ndi nkhokwe, Esinati, mayi ako iwe Tadala, ali kumsana. Ndinaika timabatani tonse pakati, n'kuyamba kuimba motsitsa.

"Zikumveka bwanji?"

"Ngati muli mumtsuko!"

Ndinabweza bezi.

"Tsopano mwaonda!"

Ndinabwezerako pang'ono, n'kukweza midi. Anasuntha n'kukaima pachulu.

"Chotsani udzudzuwo!"

Udzudzuwo unali tirebo. Ndinatsitsa. Tinatero mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndinaphunzira zimene palibe anandiuzapo. Mawu akaipa umayamba wachotsa, osati kuonjezera. M'nyumba, makamaka pakona, bezi imafufuma yokha ngati mandasi, ndiye umaichepetsa, pamene pabwalo mphepo imaba, ndiye umaipatsako. Ndipo chimene ukumva iwe woimirira pafupi si chimene akumva wovina.

Kenako ndinangoona munthu pachulu paja wasiya kuyankha. Chiuno chinali chitayamba chokha, mwana kumsana ali m'tulo. Bezi inkayenda ngati munthu wonenepa wodziwa kuvina, phazi lililonse likuoneka pamene laponda. Ndinaimba misozi ikulengeza, chifukwa ndinazindikira kuti mawu amenewo anali m'bokosimo nthawi yonseyi, atatsekeredwa ndi mwini wake. Nditatha ndinabwezera tonse pa teni, n'kupukuta pamene ndinagwira ndi malaya.

Nzeru ya chibatani inachokera kwa agogo anuwa, asakane. Tikusenza ampu kubwezera m'nyumba anati, "Achimwene safuna nyimbo. Amafuna chopotokola, anthu akuona. Apatseni chopotokola."

Fodya atagulitsidwa, maukwati ali pafupi, ndinauza alamu kuti ampu ikulira mwachilendo, ikufunika kuonedwa. Akanatsutsa ndi makutu ati? Tinaikweza pangolo mpaka ku Mponela. A Chikopa ndinali nditanong'onezana nawo kale pokatchaja batire. Anatulutsa chibatani chasiliva, chachikulu ngati chivundikiro cha ketulo, chochotsa pa wailesi yakufa. Anaboola thabwa la ampu pamwamba, n'kuchimangirira ndi sikuluwu, chikuzungulira bwinobwino, chikulira tcheketcheke. Kumbuyo kwake kunalibe waya, ngakhale ulusi wa kangaude.

"Bwana," anatero a Chikopa, akukuwa ngati akuitana munthu kudimba, "ichi ndi masitala! Ku Joni amaika pa ampu za mabwana okhaokha! Chimalamulira tonse tinayito! Ting'onoting'onoto ndi ta antchito!"

A Biliyati anachisisita, n'kuchizunguliza uku ndi uku.

"Ndinkachiona kumeneko," anatero. "Ndinangoiwala kugula." Anatembenukira kwa ine. "Mwamva alamu? Ta antchitoto muzitisamala inu. Ine ndisadzatigwirenso."

Mukuseka, koma musaganize kuti zibatani zoterezi zinatha. Chaka chatha Pemphero ananditengera ku Dzaleka kwa bambo wina wa ku Congo wojambula nyimbo. Pakompyuta pake panali mabatani osawerengeka, onse ojambulidwa pagalasi, ndipo woimba aliyense ankapempha kuti amukwezere lake. Ndinamufunsa kuti kodi onsewa ali ndi waya. Anandiyang'ana, kuyang'ananso oimba aja, n'kundipatsa tiyi.

Paukwati woyamba a Biliyati anadandaula kuti nthaka sikugunda ngati kale. Ndinawauza zimene anandiphunzitsa a Chikopa, kuti mawu a masitala amadumpha apafupi n'kukagwera patali. Anayang'ana patalipo, n'kuona fumbi lili kobo, azimayi akuvina mpaka ana kumsana kulendewera. Anagwedeza mutu. "Ndimadziwa."

Chilimwe chimenecho ndi chotsatira chake tinayenda, ana inu. Ku Malomo tinafika, ku Chisepo kwathu ndinakaimba amayi anga akuona, ngakhale cha ku Mtengowanthenga anatiitana paukwati wa namwino. Tinkanyamuka ndi ngolo, ampu itagonekedwa pa udzu wofewa, ife tikuyenda pansi, kamba wathu mbatata yootcha ndi nzimbe. Tinkamwa thobwa m'zipanda, osati m'mabotolo apulasitiki, ndipo tinkadya mpunga wa paukwati, umene masiku amenewo unkakambidwa mwezi wathunthu, osati wanu uno mumausiya m'mbale. Dzina la Chigayo linafa. Anthu ankati bezi ya kwa Biliyati imalankhula.

Ndipo ulemu wonse unkapita kwa eni chibatani. Mukanawaona! Ankatsinzina, kupendeketsa mutu ngati nkhuku yomva kabawi, kunyambita chala, n'kusuntha chibatani pang'ono ngati tsitsi limodzi. Anthu m'manja. Ine poti ndine munthu wachifundo ndinkawathandiza. Akapotokolera kumanja ndinkakoka nsambo mwamphamvu, akabwezera kumanzere ndinkafewetsa zala. Waya wa chibatani chija ndinali ine. Anayamba kuphunzitsa anthu za kakonzedwe ka mawu, atawakhazika pansi. "Si dzanja ayi," ankatero, "ndi khutu." Amene ankavomera mokweza ndi omwe ankadziwa kuti khutulo kulibe. Ine ankandidzudzula pagulu kuti popanda iwo ndikanakhalabe pamsana pa chikopa cha ng'ombe. Ndinkavomera. Bezi inkakoma, ndipo munthu ukamadya uchi sukangana ndi njuchi.

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Unali ukwati wa mwana wa mphunzitsi, kuseri kwa phiri uko, mwezi wotentha uja mvula ili pafupi. Msewu unali wa miyala, ndipo kugwedezeka kwa ngolo kuyenera kuti kunamasula sikuluwu. Masana, akwati ali pakati pa bwalo, nyimbo itafika pokoma, a Biliyati anaimirira kuti anthu awaone bwino, n'kupotokola mwamatama. Chibatani chinazuka. Chinawatsalira m'manja, kenako chinapulumuka, kugwa pansi n'kugubuduka mpaka pakati pa ovina.

Ine sindinaone. Ndinali nditatsinzina, ndikumva kukoma, ndipo bezi inapitiriza kuyenda ngati palibe chachitika. Anachitola ndi bambo wina amene anali atakhuta kachasu kuyambira m'mawa. Anachiyang'ana kumbuyo, kuyang'ananso pabowo la pa ampu, pamene pankaoneka thabwa lokhalokha. Kenako anachikweza m'mwamba n'kuyamba kupotokola mphepo.

"Ndatsitsa!" Bezi ikulirabe. "Ndakweza!" Bezi yomweyo. "Ndazimitsa tsopano, khalani pansi!"

Phwete limene linaphulika pamenepo ndi limene linanditsegula maso. Anthu ankagwirana mapewa, ena kugwa pamipando. Ndipo kumbuyo wina anakuwa liwu lija limene mudzi unalisunga zaka zonsezi: "Gonthi!" Ena analandira. A Biliyati sanalimve, koma milomo ankaiona, ndipo liwu limenelo silivuta kuliwerenga pamilomo. Ena mwa oseka kwambiri anali akwathu konkuno, otsatira bandi, omwe anamwa tiyi wa shuga wa ku Joni mpaka matumba kutha.

Anandiyang'ana. Anawerama n'kuzula waya pa batire, bwalo lonse zii. Anavula chijasi n'kufunditsa ampu ngati mmene timachitira ndi maliro, n'kuuyamba wapansi okha kubwerera kumudzi.

Mlandu unakhala pakhonde pawo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo. Apa ndiye panalibe choseketsa. Iwo ndiwo anali mwinimbumba, ndipo mawu awo anali amodzi: mkamwini atenge khasu lake ndi bulangete lake, aone msewu wa ku Chisepo. Ana atsale, poti ana ndi a mudzi. Esinati anali atangoyamba kumene kunditchula kuti ababa, ndipo wina anali m'njira. Ndinakhala pansi ndikuyang'ana zala zanga, ndikuganiza kuti ndasinthanitsa ana anga ndi kulira kwa gitala. Nkhoswe wanga, amene anayenda ulendo wonse kudzandiimira, ankangoti pepani, pepani, ngati waponda munthu m'basi.

Amene anaimirira ndi agogo anuwa. Mkazi sankalankhula pamlandu wotere asanafunsidwe, koma anayenda ndi pakati pawo mpaka pafupi ndi khutu la achimwene awo, n'kugwada, n'kukuwa kuti ndi a kudambo omwe amve.

"Achimwene, nzeru inali yanga! Mukathamangitsa wonyamula ampu, muyambe ndi ine woganiza! Ndipo simumva, achimwene! Makutu anu anatsala ku Joni! Tonse tikudziwa, amayi akudziwa, ankhoswewa akudziwa! Tinamwa shuga wanu n'kukhala chete! Bambo a Esinati okha ndi amene anakupezerani chochita kuti anthu akuombereni m'manja!"

Ankhoswe onse anapeza choyang'ana pansi. A Biliyati anabisa dzanja loduka zala lija m'khwapa. Kenako anati, "Ndamva," n'kulowa m'nyumba. Aka kanali koyamba kunena mawu amenewo moona.

Sindinathamangitsidwe, koma sindinakhululukidwe. Ampu ndi bezi zinatsekeredwa kuchipinda. Pakati pa nyumba yawo ndi yathu panamera mpanda. Tikakumana pamaliro ankapatsa moni mtengo umene ndayandikana nawo. Ine ndinabwerera ku babatoni yanga, koma dziko linali litasintha, maukwati atayamba kuitana anthu a makaseti, ndipo ndinkaimbira ana ndi agalu. Tinakhala choncho mpaka Esinati kutha msinkhu, imvi zitayamba kundituluka.

Ndiye kunabwera ukwati wa Feligasi, mwana wawo amene ankamukonda ngati diso. Analumbira kuti mwana wa Biliyati sadzavinira kaseti. Anaitanitsa woimba wina wa ku Lilongwe, wa nsapato zosongoka, ndipo kutatsala tsiku limodzi anatulutsa ampu kuti ayesere. Chibatani kunalibenso, choncho anabwerera ku timabatani ta antchito, ndipo manambala anali akadali awo onse. Ine ndinali kudimba, ndikuthirira tomato, ndipo ndinamva zonse: buuu uja wakale, kenako phwaa, kenako kulira ngati munthu akung'amba thumba la simenti. Pepala la sipika, louma ndi zaka, linali litang'ambika. Wa ku Lilongwe uja anati iye saimbira zinyalala, anadya nkhuku imene anamuphera, n'kubwerera kwawo.

Dzuwa lisanapendeke ndinaona chijasi chikutsika kudimba. Anaima pamzere wa tomato, osandiyang'ana.

"Tomatoyu akufuna mankhwala."

"Eya, alamu."

"Ampu ija yadwala chifuwa."

Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo ndinadziwa kuti kwina sikubwera. Ndinaika ndowa pansi.

Tinamasula nsalu ya kumaso kwa ampu. M'kati munali mphemvu ndi chisa cha makoswe, ndipo pepala linang'ambika kuchokera pakati mpaka m'mphepete. Anambewe anadula kansalu kopyapyala pa mpango wawo, ine n'kumata ndi guluu womatira machubu a njinga, mbali zonse ziwiri, n'kuyanika pamthunzi. M'mawa wa tsiku la ukwati ndinalumikiza batire. Zala zanga zinali zitaiwala, koma nsambo zinandikumbutsa. Vuto linali loti chigambacho sichikanapirira phokoso. Kungopyola pang'ono, chikanang'ambikanso akwati ali pabwalo, mudzi n'kupeza choseka china.

A Biliyati anaima poteropo, manja kumbuyo, ngati mlendo pa katundu wawo yemwe. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatenga dzanja lawo la zala zitatu lija n'kuligoneka pathabwa la ampu, n'kuwakuwira m'khutu.

"Ine ndiziimba, inu muzipotokola ndi dzanja linalo! Mukamva ngati njuchi m'chikhatho, mwapyola, bwezani! Mukamva ngati mwagwira ng'ombe pamtima, siyani pomwepo!"

Anagwira kabatani ka bezi n'kukweza. Nkhope inakwinyika, nabweza. Anapita pa voliyumu, n'kubweranso. Anayenda nato timabatani tija kamodzikamodzi, pang'onopang'ono, ngati munthu wofufuza chitseko mumdima m'nyumba yake yomwe. Ndipo ndikuuzeni zoona, ngakhale zimandiwawa: chikhatho chija chinkamva chigamba chikayamba kudandaula makutu anga asanamve kanthu. Anaima pamalo amene ine ndikanaima, mwinanso pabwinopo.

Tsiku lonse la ukwati anakhala chogwada pambali pa ampu, dzanja pathabwa, osatsinzina, osanyambita chala, osayang'ana ngati pali amene akuwaona. Dzuwa likakwera n'kutenthetsa guluu ankabweza okha. Bwalo likadzaza anthu n'kumeza mawu ankaonjezerako kadontho. Zakeyu, amene tinakamutenga ali ndi nyamakazi yake, anaimba ng'oma ngati wamwa mankhwala. Feligasi anavina mpaka kuvula nsapato, chigamba sichinang'ambike, ndipo batire inafika madzulo.

Anthu atayamba kubalalika, ine ndikukulunga chingwe, anabwera n'kundigwira paphewa. Ndinati lero, patapita zaka zonsezi, munthu uyu anena mawu.

"Alamu," anatero, mokweza kuti ndi ophika omwe amve, "mwayamba kudziwa kuimba tsopano. Mukalimbikira mudzafika."

Ine, ndi imvi zanga. Ndinamwetulira, ndinawerama pang'ono mwaulemu, ndipo motsitsa mawu ndinawauza zonse zimene ndinkaganiza za iwo, za chijasi chawo, ndi za makolo a chijasicho, mawu oti sindingawabwereze pamaso pa ana. Zakeyu anatsamwa thobwa.

A Biliyati anandisisita pamsana, misozi ili m'maso.

"Musathokoze, alamu," anatero. "Ndife amodzi."